Fupa likawawa pamalo amodzi, imani: mawu a wothamanga pamsonkhano wotseka chaka ku Chipata

Mwachoma bwanji nonse? Amayi ndi atate, aphunzitsi athu, ndi inu ang'ono anga amene timakumana mbandakucha pamsewu, zikomo kuti mwabwera ngakhale kumwambaku kwachita bii. Amene muli kukhomoko sendererani kuno, chifukwa mvula ikayamba kugunda malata simumva chilichonse.

Chimene chatisonkhanitsa ambiri mwachimva kale. Mwezi wathawu mtsikana wathu mmodzi wa ku sekondale anagwa pamsewu wa ku Mfuwe akuthamanga ndi anzake m'mawa. Sanagundidwe ndi njinga, sanaponde m'dzenje. Anangomva kuti thyo m'mwendo, basi n'kukhala pansi. Anyamata a njinga ndi amene anamunyamula kupita naye kuchipatala, ndipo lero ali kunyumba ndi chikhakha. Dzina sinditchula, makolo ake chisoni ali nacho chokwanira. Koma zimene zikukambidwa ku Kapata ndi ku Mchini zandifika. Ena akuti anzake a mpikisano anamutchera chifukwa cha nsanje. Ena akuti fupa la mwana wathanzi silingathyoke lokha popanda dzanja la munthu. Ndamvanso kuti makomo ena aletsa ana awo kubwera kudzathamanga. N'chifukwa chake ndinapempha kuti msonkhano wa chaka chino makolo mukhalepo.

Ndinapita kukamuona mwanayo. Nditamufunsa kuti mwendo unayamba liti kuwawa, anati kuyambira masiku a Kulamba, kumapeto kwa Ogasiti. Werengani nokha, kuchokera Ogasiti kufika Novembala. Ndiye ndinamufunsa kuti pankawawa pati. Sanasisite mwendo wonse ayi. Anatenga chala chimodzi n'kuchiika pachikhakha, apa, pa msongolo, chakumunsi kufupi ndi kakolo. Miyezi yonseyo ankagula mapiritsi opha ululu a diclofenac pakantemba, kumwa usiku, kumwanso m'mawa asanavale nsapato. Kwa mphunzitsi wake sananene, poopa kuti amuchotsa pagulu la opita ku mpikisano. Kwa amayi ake sananene, poopa kuti amuuza kuti zamasewerazo zithe.

Mawu amene ndabwera nawo lero ndi amodzi, ndipo muwamva kangapo. Ululu wa pafupa umene mungathe kuuloza ndi chala chimodzi, musathamange nawo. Imani, mukaonetse.

Fupa ndi lamoyo, abale anga. Lili ndi magazi, limadya, limakula. Tsiku lililonse thupi limagumula pang'ono fupa lakale n'kumangapo latsopano. Tikamathamanga, phazi lililonse likatera pansi fupa limalandira katundu woposa kulemera kwa thupi lathu kawiri kapena katatu, ndipo limachita timing'alu tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso. Zimenezo si zoipa. Ukapuma, ukadya, ukagona, thupi limatseka timing'aluto ndipo fupa limalimba kuposa kale. Vuto limabwera pamene timing'alu tikubwera msanga kuposa mmene thupi likutsekera. Inu anyamata amene munkapanga magalimoto a waya, mukalibe pulayala munkadula bwanji waya? Kupinda uku, kupinda uko, kupinda uku, mpaka atenthe, ayere, aduke. Palibe kupinda kumodzi kumene kunadula wayayo. Mwendo wa mtsikana uja sunathyoke m'mawa umene anagwa. Unayamba kuthyoka mu Ogasiti.

Ndipo pali chinthu chimene chimapusitsa ngakhale othamanga akale. Mtima ndi mapapo zimazolowera msanga. Masabata ochepa chabe, umaona kuti phuma latha, chitunda chimene unkayenda pansi ukuchikwera uli kuseka. Koma fupa ndi mitsempha zimatenga miyezi kuti zifike pamenepo. Ndiye nthawi imene ukudzimva kuti wapsa, kuti tsopano uwonjezere mtunda, ndi nthawi yomweyo imene fupa lili m'mbuyo. Ambiri amavulala ali pachimake, osati ali ofooka.

Tsono si kuwawa kulikonse kumene kuli koopsa, ndisakuopsezeni mpaka kuleka kutuluka m'nyumba. Tikakwera ku Kanjala Lachiwiri, Lachinayi ntchafu ndi akatumba zimakhala gwa, kukhala pansi kumavuta, miyendo yonse iwiri. Imeneyo ndi minofu, imatha yokha m'masiku ochepa. Palinso kuwawa kwa m'mbali mwa msongolo, chamkati, kotambalala ngati kutalika kwa chikhatho, kumene kumachepa thupi likatentha. Kumeneko ndi chenjezo, chepetsani mtunda, chokani patala. Koma kwa fupa kuli ndi khalidwe lake. Ndi mwendo umodzi, malo amodzi. Mukadina pamenepo mumadzidzimuka. Mukamathamanga sikuchepa, kumakula. Pakapita masabata kumayamba kumveka poyenda kupita kumsika, kenako usiku muli gone. Nthawi zina pamatupa pang'ono. Mukayesa kudumpha ndi mwendo umodzi womwewo, simungathe. Zikatero nsapato zipachikeni. Ndibwerezenso: malo amodzi, chala chimodzi, musathamange nawo.

Pali malo atatu amene achipatala amawaopa kwambiri chifukwa sachira msanga: kutsogolo kwenikweni kwa msongolo, pamwamba pa phazi kufupi ndi kakolo, ndi m'kati mwa mphechepeche pamene ntchafu yalumikizana ndi chiuno. La m'mphechepecheli ndi loopsa zedi, chifukwa fupa la pamenepo likathyoka lonse munthu amafunika opaleshoni. Mwana akamatsimphina n'kumati m'mphechepeche mukuwawa akathamanga, musadikire Lolemba.

Chaka chino ine ndachidutsa m'njira yomweyi, ambiri mukudziwa. Ndinayamba chaka ndili bwino, ndikukonzekera mpikisano wa makilomita 21 ku Lusaka, ndipo nthawi zanga zinali zabwino kuposa zaka zonse. Mvula itangotha, phazi lamanja linayamba kuwawa pamwamba, pafupa lopita kuchala chachiwiri. Azakhali anga, amene anagwira ntchito ya unamwino zaka zambiri, anandiona ndikutsika panjinga mopendekera. Anandikhazika pampando, kuvula nsapato, n'kuyamba kudina fupa lililonse ndi chala chachikulu, limodzilimodzi. Atafika pamenepo ndinakoka phazi osafuna. Anangoti, mwanawe, mpikisano uja waphonya, mawa tipite kuchipatala.

Mvetserani ichi, chifukwa chimasokoneza anthu. Kujambula koyamba sikunaonetse kanthu. Mng'alu wotere nthawi zambiri suoneka pa X-ray m'masabata awiri kapena atatu oyamba. Umadzaoneka pambuyo, fupa likayamba kumera pamalopo. Adokotala anandiuza kuti ndiime ndithu, ndibwerenso, ndipo nditabwereranso chinaoneka. Choncho mukapita kuchipatala n'kukuuzani kuti chithunzi chili bwino koma chala chikulozabe pamodzimodzi, musatuluke pageti mukuthamanga. Funsani tsiku lobwereranso.

Nyengo yozizira yonse, imene ife othamanga timaikonda, ine ndinaithera pampando ndi panjinga. Sindikubisirani, zinali zowawa mumtima kuposa kuphazi. Ndinkamva mapazi anu mukudutsa kuseri kwa mpanda m'mamawa, ndimadziwa uyu ndi uje, uyo ndi uje, ine ndili m'bulangete. Masiku ena ndinkalira. Ndikunena zimenezi kuti inu makolo mudziwe kuti mwana amene mwamuuza kuti apume sakuchita mwano akakhala duu osayankhula. Chinthu chimene amadzidziwa nacho chachotsedwa. Mukhale naye pafupi. Ndipo inu anzake a mtsikana uja, ndamva kuti amene mwapita kukamuona ndinu ochepa. Pamsewu munali naye tsiku ndi tsiku, lero kwawo kwatalika? Sabata ino mupite.

Mng'alu wanga unagwidwa usanadutse fupa lonse. Wotere umafuna masabata 6 mpaka 8 osathamanga, nthawi zina kuposerapo, kenako kuyambanso pang'onopang'ono. Wa mng'ono wathuyu unasiyidwa mpaka fupa linaduka, ndiye iye ndi miyezi yambiri. Matenda ndi amodzi, chosiyana ndi tsiku limene munthu anaima.

Tsopano ndikudzudzuleni pang'ono, ang'ono anga. Mafoni aja akutipweteka. Mumaonera Eliud Kipchoge, amene mu 2019 ku Vienna anathamanga makilomita 42 osakwanitsa maola awiri, ndiye mawa lake mukufuna kuchita zimene amachita iye. Munthu uja miyendo yake anaimanga kwa zaka zoposa 15 asanafike pamenepo, ndipo othamanga a ku Kenya mtunda wawo wambiri amauthamanga m'misewu yafumbi. Inu mwayamba mu Meyi, pofika Julayi mukuthamanga patala pa Great East Road tsiku lililonse, Lamlungu lomwe, kuti muike chithunzi pa Facebook. Misewu yafumbi yatizungulira mbali zonse, mabwalo a masukulu alipo, koma ayi, tonse patala. Nsapato nazonso. Salaula si yoipa, inenso ndimagula komweko, koma itembenuzeni muone pansi. Ngati chidendene chadyeka mbali imodzi, ngati mukaipinda ikungopindika pakati ngati nsanza, mwini wake woyamba anaimaliza kale.

Za chakudya ndiyang'ane kwa amayi. Mwana amadzuka 5 koloko, kuthamanga makilomita 10, kusamba, kupita kusukulu m'mimba muli zii, chakudya choyamba 14 koloko. Fupa limangidwa ndi chiyani? Sindikunena za zakudya za m'mashopu. Kapenta wodya ndi minga yake yomwe ali ndi calcium, chimene fupa limafuna. Nyemba, soya, mazira akapezeka, mkaka, nkhwani, kholowa, bonongwe. Nshawa kuno kwathu ndiye kwawo, thirani m'phala, thirani m'ndiwo. Mbatata yotsala usiku musungireni adye akangobwera kothamanga. Ndipo atate mundikhululukire, ndinene za ana aakazi pamaso panu chifukwa n'zofunika. Mtsikana wothamanga akasiya kusamba miyezi itatu ndipo alibe pakati, musati ndi chizindikiro chakuti walimba. Thupi likunena kuti chakudya chikuchepa poyerekeza ndi ntchito, ndipo msambo ukaima choncho mafupa amafooka. Atsikana oterewa ndi amene ming'alu imawagwira kwambiri. Amayi, azakhali, afunseni ana mwakachetechete, mupite nawo kukiliniki.

(Bambo wina wachikulire anaimirira: "Pepani mayi, ndikudulani. Ife kale tinkathamanga opanda nsapato kuchoka kumudzi mpaka kusukulu. Mwendo ukawawa amayi ankathowa ndi madzi otentha, zikavuta ankatema mphini, mawa tili panjira. Sitinathyoke. Ndiye inu mukuti mwana akhale miyezi iwiri. Mipikisano ya masukulu ili pafupi. Akaphonya, mwayi wake si wapita?")

Zikomo atate, khalani pansi. Mwafunsa zimene ambiri muno ali nazo mumtima.

Zoona, munkathamanga, ndipo miyendo yanu inali yolimba. Koma taganizani mmene inalimbira. Munayamba kuyenda mtunda umenewo muli aang'ono, chaka ndi chaka, panjira yadothi, kubusa, kumunda, kudambo. Mukatopa munkayenda, mukaona nthawi yatha munkathamanga. Panalibe munthu woima ndi wotchi kukuuzani kuti bwerezanso kakhumi. Fupa lanu linapatsidwa zaka. Mwana wa lero wa m'tauni muno amakwera njinga kupita kusukulu, amakhala pabenchi tsiku lonse, ndiye mwadzidzidzi temu imodzi tikumuthamangitsa patala m'mawa ndi madzulo. Si kuti ana ndi ofooka, atate. Tikuwasenzetsa m'miyezi itatu katundu amene inu munamuzolowera m'zaka khumi.

Kuthowa sindikukana. Minofu ikauma, madzi ofunda amathandiza, nanenso amandithowa. Koma madzi safika pamng'alu wa fupa, ndipo kukanda mwamphamvu pamalo otero kumangowonjezera ululu. Mphini zimatema khungu, pamene vuto lili m'kati, ndipo lezala logwiritsa anthu angapo mukudziwa matenda amene limanyamula. Choopsa chachikulu pa zonsezi, pamodzi ndi mapiritsi a pakantemba aja, n'chakuti munthu amaona ngati wachitapo kanthu, ndiye mawa abwerera pamsewu. Diclofenac ndi brufen sizilumikiza fupa. Zimangotseka pakamwa pa mwendo kuti usanene. Komanso kumwa amenewa kawirikawiri, makamaka m'kutentha kwa Okutobala munthu akutuluka thukuta osamwa madzi okwanira, kumapweteka impso ndi kuyambitsa zilonda za m'mimba. Mwana wofuna piritsi kuti athe kuthamanga sayenera kuthamanga tsiku limenelo.

Za mwayi, apo ndiye pamene mtima wanu uli, ndipo ndikumvetsa. Tonse tikudziwa kuti mwana wothamanga bwino amatha kuonedwa, kupita ku chigawo, kupita ku Lusaka, ena mpaka kupeza ntchito. Pakhomo pamene ndalama ndi yovuta, kumuuza mwana kuti aphonye chaka n'chinthu cholemera. Koma tiyeni tione Muzala Samukonga. Mu 2022 ku Birmingham anatenga golide pa mamita 400 m'masewera a Commonwealth, ali ndi zaka 19. Mu 2023 anavulala mwendo, ndipo mpikisano waukulu wa dziko lonse ku Budapest sanathamange nawo. Mpikisano umene wothamanga aliyense amaulota, iye anauonera patali. Chaka chotsatira, 2024, ku Paris, anathamanga masekondi 43.74 n'kutenga mendulo ya bronze pa Olympics, yoyamba ya Zambia kuchokera pamene Samuel Matete anatenga siliva ku Atlanta mu 1996. Zaka 28 dziko likudikira, ndipo amene anaibweretsa ndi munthu amene chaka chapitacho anakhala pansi. Mwana wa zaka 16 akaphonya temu imodzi, ali ndi mipikisano yambiri kutsogolo. Akathyola fupa chifukwa chokakamira, ataya chaka chonse, ndi sukulu yomwe imasokonekera, ndi ndalama za mayendedwe a kuchipatala zimene munalibe. Ndiye atate, mdzukulu wanu akakulozerani ndi chala chimodzi, inuyo mukhale woyamba kumubisira nsapato.

Aphunzitsi, mbali yanu ndi iyi. Mwana akanena kuti mwendo ukuwawa, musamutche waulesi pamaso pa anzake, ndipo muuzeni poyera kuti malo ake pagulu sakutha chifukwa wapuma. Ana amabisa chifukwa cha mantha amenewo.

Mwandifunsa ambiri kuti chaka chamawa ndikufuna chiyani. Zaka zonse ndinkalemba nthawi pachikuto cha kope langa, kuti makilomita 10 ndithamange mphindi zakuti. Chaka chino pachikuto ndalemba kuti ndifike Disembala ndikuthamangabe. Januwale ndi Febuluwale ndizithamanga katatu pasabata, padothi, mopepuka moti ndizitha kucheza ndi amene ali pambali panga, masiku enawo njinga. Kawiri pasabata ndizilimbitsa akatumba, ntchafu ndi chiuno, pakhonde pomwepa, popanda zitsulo. Liwiro ndi zitunda ndiziyamba Nc'wala ikadutsa, ndipo chimodzi pa nthawi, osati zonse sabata imodzi. Mpikisano woyamba ukhale wa makilomita 10 m'nyengo yozizira. Phazi likavomera, makilomita 21 kumapeto kwa chaka. Makilomita 42 chaka chamawa ayi, ngakhale mtima ukufuna. Ndipo m'kopemo, pambali pa mtunda, ndawonjezera mzere wolemba pamene pawawa tsiku limenelo. Malo amodzi akalembedwa katatu motsatizana, ndiima, ndikaonetse.

Ndikuona amayi akuyang'ana kumwamba, ndipo kumbuyoko mwayamba kunong'onezana za zovala zili pachingwe. Ndithamange, zatsala pang'ono.

Amene mukuchokera kovulala, musayambe kuthamanga achipatala asanakuloleni. Muyambe mwatha kuyenda mphindi 30 osamva kanthu, ndi kudumpha ndi mwendo umodzi osawawa. Tsiku loyamba thamangani mphindi imodzi, yendani zinayi, bwerezani kangapo, basi. Mawa lake pumani, mumvetsere mwendo. Ukakhala chete, wonjezerani pang'ono. Ukayankhula, bwererani m'mbuyo. Nonsenu, mtunda wa pasabata musamaulumphitse, aphunzitsi ambiri amati kuwonjezera kusapitirire gawo limodzi mwa magawo khumi, ndipo sabata yachinayi iliyonse muzichepetsa. Tsiku limodzi pasabata osathamanga konse. Mukadwala malungo, malizani mankhwala, mphamvu zibwerere, kenako muyambe mopepuka, osati kulipira masiku amene munagona. Madzi muzimwa. Mugone msanga, foni pansi. Mapiritsi a ululu musanathamange, ayi. Ndipo chala chimodzi chija, mwamva.

Loweruka tikumana 6 koloko panja pa David Kaunda Stadium monga mwa masiku onse, koma tisanayambe aliyense adzadumpha ndi mwendo umodzi, kumanja ndi kumanzere, ine ndikuona. Bwerani ndi nsapato zonse zimene mumathamangira, tidzazitembenuze pamodzi. Atsikana amene muli ndi funso lija la msambo, musachoke, ndikhala pakhonde ndi amayi awiri awa. Anyamata anayi atsale abweze mabenchi m'kalasi. Zikomo, yendani bwino mvula isanakupezeni.